Sabata Yomaliza ya a Dikirani

Pa nyumba ina yosamalira okalamba anzawo ankawatchula kuti a Dikirani, poti ndiwo mawu amene sankachoka pakamwa pawo. Anagwirapo ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu, kusambitsa, kudyetsa ndi kusintha zofunda, mpaka msana unayamba kukana. Kunyumba ankakhala okha. Amuna awo anatsikira kulichete kalekale, ana ali kutali, moti mawu awo onse a tsiku ankathera kuntchito.

M'chipinda chakumapeto munkagona agogo ena aamuna amene sitiroko inawamanga lilime. Nzeru zinalipo zonse, koma kuti liwu limodzi lituluke pankapita nthawi yoti munthu n'kupinda mashiti atatu. Osamalira ena nthawi imeneyo analibe. Ankafunsa okha n'kudziyankha okha, tiyi n'kumuika patebulo, uyo watuluka. Ena ankawakuwira m'khutu, chonsecho agogowo ankamva bwinobwino. Iwo ankangotembenukira kukhoma. A Dikirani okha ndi amene ankakoka mpando, kuzimitsa wailesi, kufunsa funso limodzi n'kukhala duu mpaka yankho lifike.

Sabata yawo yomaliza mtima sunali m'malo. Akachoka, agogowa azilankhula ndi ndani? Amene anapatsidwa chipindacho anali a Changu, mayi wamphamvu pantchito koma pakamwa pothamanga ngati mpopi woiwalika. A Dikirani anawakokera m'chipinda chochapira n'kuwauza zonse: kuti azikhala pamene agogo akuona nkhope yawo, manja pamiyendo, funso limodzi basi, kenako aziwerenga chamumtima mpaka makumi awiri. Liwu likakodwa panjira asalimalize ndi iwo. Zikakanika, aonetse zinthu ziwiri, agogo aloze okha.

"Amayi, anthu khumi ndi awiri akundidikira, ine ndizikhala chete ngati ndili pamaliro?" anafunsa a Changu akuseka.

"Khalani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu alimo muja, ndipo akutopa kukhala yekha."

Lachitatu a Changu anafika pa zisanu n'kuyankha okha. Lachinayi anafika pa khumi, foni inalira m'thumba. A Dikirani anapita kwawo mtima uli wolemera, chakudya sichinalowe.

Lachisanu masana anabweza yunifolomu, natenga chikwama, napita kukatsanzika kwa agogo aja. Chitseko anachipeza chotseguka pang'ono. M'katimo a Changu anali pampando, manja pamiyendo, atangofunsa kumene ngati pali chimene agogo akufuna. Mwendo wa a Changu unkagwedezeka, koma pakamwa anatseka. A Dikirani anaima panja n'kuyamba kuwerenga nawo. Makumi awiri anakwana, makumi atatu anadutsa.

"Ze... zenera," anatero agogo aja.

A Changu anadzuka, natsegula zenera, nabwerera pampando osanena kanthu. Agogowo anawayang'ana m'maso, milomo ikunjenjemera, akusakasaka liwu lachiwiri.

A Dikirani anasangalala, inde, koma zinawapwetekanso, ndipo sanayembekezere kuti zingapweteke chonchi. Zaka zinayi mawu a agogowa ankabwera kwa iwo okha. Mawu otsanzikira anali atawakonza sabata yonse. Koma akanati alowe, agogo akanatembenuka, liwu lija n'kuthawa. Anachotsa dzanja pachitseko, natsika masitepe mwakachetechete, osatsanzika.