Nyali ya mkazi mnzanga

Chinayamba ndi phulusa. Linagwera pa thewera la mwana limene ndinayanika, ndipo silinali lakuda lopotana ngati la masamba a nzimbe. Linali lotuwa, la udzu.

Mudzi wathu uli kummwera kwa Dwangwa. Nyengo yodula nzimbe, akamatentha minda, thambo la kumpoto linkafiira kukangoda, ndipo aliyense anali ndi dzina lake la kufiirako. Apongozi ankati magazi a mitambo, dzina limene anamva kwa makolo awo kale pa moto wa alenje. Asodzi ankati muuni wa mpoto. Ana ankati ng'anjo ya mizimu, mwalimu n'kuwakalipira. Ine mumtima ndinkati nyali ya mkazi mnzanga. Bambo a ana anga ankadula nzimbe komweko, ndiye komwe anakwatirako mkazi wachiwiri, wakusekondale, wodzola zonunkhira. Kukafiira ndinkaima pakhonde n'kumaganiza kuti iye akuona nkhope yawo pa kuwalako, ine kuno ndikungolandira phulusa. Ndinkapenya mpaka maso kuwawa. Ndinkadziwa mtengo wa mgwalangwa umene kufiirako kunkathera.

Tsikulo kufiirako kunapitirira mgwalangwawo. Kunali pansipansi, kukuyenda, ndipo mphepo ya mpoto inkawomba kubwera kwathu. Amuna ambiri anali asanabwere ku msonkhano wa chipani, poti zipani zinali zitangochuluka kumene.

Ndinathamangira kwa apongozi, mpweya ukundithera, ndinawauza kuti uwu si moto wa nzimbe. Sanadzuke n'komwe pa mkeka.

“Ndi magazi a mitambo omwe aja, mwanawe. Nsanje yakulowa m'maso. Ukapenyetsetsa uona ndi ndolo za mkazi mnzakoyo zomwe.”

Ena amene anali pomwepo anaseka. Mwina nsanjedi, koma ndani wina pamudzipo amene ankakupenya kufiirako ngati ine? Udzu wa kudambo unali wouma mpaka kuseri kwa nyumba yanga, denga nalonso laudzu.

Ndinatenga nsalu ya chipani imene bambowo anatipatsa tonse awiri, ine ndi mkazi mnzangayo, yofanana ndendende, imene ndinalumbira kuti sindidzavala. Ndinaiviika mumtsuko, n'kufunditsa wakhanda kumsana. Wamkulu ndinamugwira dzanja, wapakati pa phewa, mpaka kunyanja. Ng'ona ndinkaziopa, ndiye ndinawakweza m'bwato la eni ake, n'kulikankha mpaka madzi anandifika m'chiuno. Ndinaima momwemo, chingwe nditakulunga pamkono, ndikuitana apongozi kuti atsike.