Chigamba cha Mayi pa Pepala la Kampeni

Pepalalo ndikadali nalo. Mbali imodzi kuli nkhope ya mkulu wina amene ankafuna uphungu pa mavoti oyamba a zipani zambiri, pakamwa pake patamatidwa nsalu. Mbali inayo kuli banja lathu, ndipo pakati penipeni pali chiboo chimene nsaluyo inatseka.

Ndinali Sitandade 4 ku Njakwa, chaka chimene sukulu inakhala yaulere, ana n'kuchuluka ngati nyerere. Bambo anali atamwalira mvula isanayambe, ndipo ife ndi mayi tinkakhalabe pamudzi wa kuchimuna. Aphunzitsi athu anali mtsikana wa ku Ntchisi, wolembedwa ntchito mwachangu, wopanda ngakhale choko chokwanira. Anakatolera mapepala a kampeni otsala pagolosale natigawira. Anati tisakopere ndege ndi galimoto za m'buku, koma aliyense ajambule kuseri kwa pepala lake anthu amene anamupanga kukhala iyeyo. Utoto wathu unali makala, katondo wonyowetsa ndi masamba a nyemba ofinya.

Ndinajambula bambo, agogo ndi alongo anga awiri. Mayi ndinawaika pakati, aakulu kuposa onse, ndi mphini zitatu patsaya monga akazi a kwawo ku Dowa. Zala zanga zinanunkha nyemba masiku awiri.

Abambo aakulu, mkulu wawo wa bambo, anapeza pepalalo likuuma pakhonde. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa mabolopeni awiri m'thumba la shati, wodziwa mayina a makolo athu mpaka kalekale, onse amuna okhaokha. Anandiyamikira kuti ndajambula bwino chomene. Kenako anatulutsa labala.

"Apa ndi pa mtundu wathu, mwana wane. Mkazi wolowoledwa ndi mlendo."

Makala safufutika wamba. Anapakapo malovu, napukuta, napukutanso, mpaka pepala linabooka. Mayi anali pomwepo akupeta chimanga ndipo sanadzutse mutu. Mpaka lero mtima umandiwira ndikakumbuka. Mlendo wanji amene anadwazika m'bale wanu chaka chathunthu, kumusambitsa ndi kumumwetsa phala, inu mukungobwera Lamlungu ndi pemphero lalitali? Munthu wamkulu, wophunzira, kulimbana ndi chithunzi cha mwana. Manyazi analibe.

M'mawa mwake ndinapita nalo kusukulu nditalipinda, maso ali ofiira. Aphunzitsi analitambasula, nalikweza kudzuwa, nasuzumira pachiboocho. Sananyoze munthu. Anangoti chiboochonso ndi mbiri yanga, ndisachibise, koma ndikafunse mwini malowo chimene angakonde kuikapo.

Ndinakafunsadi. Mayi analowa m'nyumba natulutsa chitenje chobiriwira chimene bambo anawagulira ku boma, chija ankavala pa Khirisimasi pokha. Anachidula ndi lezala, osati m'mphepete ayi, koma pakati pa duwa penipeni. Anaphika kaphala ka ufa wa chinangwa namata chigambacho mbali ya phungu uja, duwa n'kutulukira pamene panali nkhope yawo.

"Apa akafufute tione," anatero.

Aphunzitsi anapachika chithunzicho pamtengo wa mango umene unali kalasi yathu, ndipo ndinkayenda monyada osaona pansi. Chimene chinkandipweteka chinali chitenje chokongolacho, kuti mayi achiwonongeranji chifukwa cha pepala. Sabata imeneyo ndinaona mayi akuchapa zovala zawo zonse tsiku limodzi. Anandiphunzitsa kutendera ndiwo ndi kuyeza mchere, nandibwerezera katatu mankhwala a chifuwa cha mlongo wanga wamng'ono. Ine ndinkayesa andiona kuti ndakula.

Sindinkadziwa kuti akuluakulu anali atagamula kale kuti chimanga chikangolowa m'nkhokwe, mlendoyo abwerere ku Dowa, ana atsale. Ndinkangowerenga masiku oti sukulu itsekere, kuti nditsitse pepala langa pamtengo ndikawaonetse mayi pamene aphunzitsi anachonga.