Nkhope imene a Oyelakin anakana kujambula

A Oyelakin a ku Abeokuta anatha zaka makumi anayi akujambula kumbuyo kwa malole. Mikango, ziwombankhanga, chilichonse chimene dalaivala wafuna. Chinkawawawa n'chimodzi: zithunzi zawo zonse zinkathera m'fumbi ndi dzimbiri, ndipo panalibe ngakhale chimodzi chimene chinalowapo m'nyumba ya munthu.

Ndiye pamene Morenike, mwana wa malemu mnzawo Adigun, anawapempha kuti ajambule chikuto cha buku lake, mkuluyo anakondwa mpaka kugula mabulashi atsopano. Bukulo linali nthano ya mtsikana wopita kudziko la akufa. Pachikuto pankafunika egungun, kholo lomwalira limene limabwera kudzavina litakutidwa nsalu kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Anajambula ndi mtima wonse, koma osindikiza a kutsidya kwa nyanja anabweza chithunzicho. Ati mulu wa nsalu sungagulitse buku. Avundukule nkhope, aikepo mano akuthwa ndi maso ofiira, apo ayi apeza wojambula wina. Anthu amenewa, chilichonse chimene sakuchidziwa amathamangira kuchimeretsa nyanga.

Morenike anabwera ndi chithunzicho mwamanyazi, nawanyengerera kuti angololera, kankhope kochepa chabe.

"Mwana wa Adigun iwe," anatero a Oyelakin, "manowo ndimuike ndani? Egungun si chilombo. Ndi bambo wa munthu."

"Baba, mutaya mwayi. Mwaudikira zaka zonsezi."

"Malole sanathe, mwanawe."

Zinawapweteka, tisaname. Koma anamuuza mtsikanayo kuti asanapite, achiyang'anitsitse chithunzicho. Pakati pa nsalu zofiira ndi zachikasu panali kachidutswa kabuluu ka mizere yoyera, kopserera pangodya. Morenike anakazindikira. Kanali ka mkanjo umene bambo ake ankavala pa zikondwerero, ndipo amene anauwotcha ndi simbi anali iye mwini, ali wamng'ono.

Misozi inangoti mbwembwembwe. Tsiku lomwelo analembera osindikiza aja kuti bambo ake sawavula pagulu, ndipo akafuna mano ajambule awo.

Bukulo linadzasindikizidwa ku Ibadan, mabuku ochepa chabe, pa pepala wamba, chithunzi chija chili pachikuto. A Oyelakin akujambulabe malole mpaka lero. Koma mayi ake a Morenike anaika limodzi pabalaza, chikuto chitayang'ana kukhomo, ndipo m'mawa uliwonse amalipukuta fumbi.