Mawanga oyera pa malimu a mota yanga

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika ku Tengwe. Mota yanga, galimoto ija, ndinasiyira alamu, amuna a achemwali, kuti ingokhala papurazi, pafamu pathu, osayenda. Ndawapeza atagwada, akukwecha malimu a aluminiyamu a matayala ndi phulusa ngati poto, kuti achotse mawanga oyera. Limodzi lachita kale mbuu!

Ndawalanda nsanza. Malimu enawo ndapukuta ndi viniga wosakaniza ndi madzi, mawanga oyera aja achoka.

Koma abale, chibwerereni agogo nthawi ya Chitaganya, madzi a padamu pano sanasiyepo mawanga otere. Amatero ndi madzi amchere a chibhorani, mjigo wa ku Mhangura, komwe kumakhala mkazi woyamba wa alamuwa.

Ndawafunsa, angoti, "Mlamu, ndi mvula." Mvula mu Ogasiti?

Achemwali sali pagulu lino. Ndiwauze, kapena ndingolirira limu langa?