Mzungu wa ku Estonia ndi mayina a mbewa

Ndikukumbukira tsiku lina m'chilimwe, ndili Sitandade 4 pa sukulu ya mishoni kwathu ku Dedza. Dzulo lake ndinali nditajomba kukakumba mbewa. M'mawa ahedi anayang'ana dothi m'zikhadabo zanga, nanena kuti zikwapu zisanu ndi chimodzi ndilandira tikaweruka.

Tisanaweruke panafika mlendo, mzungu wowonda wa nsapato zafumbi, kope lili m'manja. Ahedi anati ndi mphunzitsi wa ku yunivesite, kwawo ku Estonia, ndipo ntchito yake ndi kutola zilankhulo. Anamulandira m'Chingerezi chokhuthala. Iye anayankha m'Chinyanja, mawu akutulukira m'mphuno, koma osaphonya. Anati amalankhula zilankhulo zambiri, koma chilichonse amachiyambira pa zimene anthu ake amadya. Kenaka anatifunsa ife m'kalasimo mayina a mbewa.

Anzanga anzeru aja anaweramitsa mitu. Mbewa ankadya onse, koma kuvomera pamaso pa mzungu kunali manyazi. Ahedi thukuta linayamba kutsika m'khosi.

Ine ndinaimirira. Ndinatchula kapuku, tondo, mende, chitute, ndi kufotokoza una wa iliyonse, imene imanona ndi imene imaluma. Iye ankalemba mofulumira, nandibwerezetsa, khutu lili pafupi ndi pakamwa panga. Ankanunkhira fodya wa kaliwo. Pomaliza anandigwira chanza ngati munthu wamkulu.

"Aphunzitsi anga a lero ndi awa," anauza ahedi.

Ndinakhala pansi ndili ndi chikhulupiriro chakuti mlandu watha. Galimoto ya mlendoyo itangokhota pa mtengo wa mbawa, ahedi anandiitana. Anathokoza kuti ndapulumutsa dzina la sukulu. Atatero anandiuza kuti ndigwire zala za kumapazi. Zinakwana zonse zisanu ndi chimodzi. Sindinalire.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Tsopano ndimakhala kwa mwana wanga, namwino, kuno ku Maddington, kutsidya kwa nyanja. Chaka chatha mdzukulu wanga anafufuza pa foni, napeza kuti mzungu uja anamwalira kalekale ali pulofesa, atalemba mabuku ambiri. Anandifunsa m'Chingerezi ngati dzina langa lilimo. Ndinati sanandifunse dzina.

Kuno ana sakwapulidwa, ndipo wolankhula bwino m'kalasi amapatsidwa satifiketi. Mbewa ikalowa m'galaja amaigulira mankhwala oiphera. Ina inafa sabata yatha ndinaitembenuza ndi ndodo. Inali yowonda, yosayenera ngakhale mchere.