Mawaya Amene Ndinakwapulidwira

Dzulo pakhonde panga ku Kasina tinalipo atatu: ine, alongo anga aMatiyasi, ndi mdzukulu wanga Felista. Pa foni ya Felista panamveka santuru, choimbira cha amwenye cha mawaya ambiri.

"Zimitsa zachikunjazo," anatero aMatiyasi.

"Ayi achimwene, asazimitse," ndinayankha.

Ndili wamng'ono, abambo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye pa boma la Dedza. Ndikawapititsira phala m'mamawa, nkhungu isanachoke, ndinkasuzumira pazenera la kuseri. Amayi ake a mwini sitoloyo ankakhala pansi, bokosi lafulati lili pamiyendo, n'kumagogoda mawaya ake ndi timitengo tiwiri topindika. Ankayamba pang'onopang'ono, kenako kulira kwake kunkathamanga ngati matalala pamalata. Ine ndinkayesa akulanga bokosilo, ndipo ndinkalimvera chisoni, koma sindinkachokapo.

Tsiku lina masana ndinawapempha amayi aja nyimbo yomweyo. Anapukusa mutu. "Mwanawe, kwathu nyimbo ya m'mawa sitiimba dzuwa litakwera."

Amalume atamva kuti ndimakaima pazenerapo, anati mawayawo amaitana mizimu yachilendo, ndipo anandikwapula kuti ndisadzapondekonso. Kutacha ndinakaima pazenera lomwelo, miyendo itatupa.

Tsopano ndawauza abale anga kuti pa maliro anga, kwaya isanayambe, adzalize santuru. AMatiyasi akuti mudzi udzatiseka. Udzaseke. Mkwapulo wa amalume unalephera kundiletsa ndili mwana. Kuseka sikungandiletse nditakalamba.

Felista, sunga pepalali, ndipo akadzayamba kukangana udzawawerengere mokweza.