Hita pa chitunda cha Thabwa

Malemu amuna anga anali kalaliki ku esiteti ya nzimbe, ndipo atapuma ntchito anagula kagalimoto kakale kochokera ku Japan. Tsiku limene anabwera nako kwathu kwa Katunga ndinaseka mpaka misozi. Atatsegula boneti ndinawafunsa ngati injini yeniyeni anaiiwala kudoko. Kanali kainjini ka petulo ka mapisitoni atatu, kosakwana ndi lita imodzi yomwe, koti munthu n'kukasenza pamutu ngati ndowa. Iwo sanaseke. Anangoti, "Mayi, wam'ng'ono sadya zambiri."

Ananenadi zoona. Petulo kankangonyambita. M'mawa ukangopotokola kiyi kankalira, kaya kunja kuli fumbi kaya matope. Kanatinyamulira chimanga cha kudimba, nsomba zouma za kudambo, odwala a m'mudzi, ngakhale mbuzi ya pa chinkhoswe cha mphwanga, imene inadya theka la mpando wakumbuyo. Matenda ake ndinkawadziwa ine amene sindinagwirepo chiwongolero. Kakayamba kunjenjemera kataima, ndiye kuti pulagi imodzi yanyowa oilo, ndipo poti mapisitoni anali atatu okha, imodzi ikagona unkaimva mpaka kumsana. Fanibeluti ikakhwepa inkalira ngati mwanapiye wotayika. Zonsezi amuna anga ankazikonza pansi pa mtengo, atavala malaya akale a kuntchito. Nthenda imene ankaiopa inali kutentha.

Kuno kuchigwa mijigo yambiri ili ndi madzi amchere, moti sopo sachita thovu. Iwo ankati madzi amenewo amadya ladiyeta m'kati ngati chiswe, ndiye ankasunga madzi a mvula m'mgolo, a kagalimotoko basi. Ine ndikatungako ochapira nsalu, nkhondo. Koma chaka china anadwala nthawi yaitali, ndipo mlamu wanga ndiye ankakayendetsa. Munthu wabwino mtima uja sankafuna kutha madzi a akulu ake, ndiye m'mawa uliwonse ankathira a pamjigo. Amuna anga atachira anatsuka ladiyeta, m'menemo munatuluka dzimbiri lokhalokha. Kuyambira pamenepo kagalimotoko kankayenda bwino pachigwa, koma kakaona chitunda kankatentha msanga.

Aliyense wa kuno amadziwa chitunda chopita ku Blantyre. Ukangodutsa pa Thabwa msewu umayamba kupindika ndi kukwera osaleka. Amuna anga anali ndi malamulo awo awiri. Loyamba, tikafika patsinde ankatsegula hita mpaka kumapeto, ati imakoka moto wa injini n'kuulowetsa m'kati. Tangoganizani, dzuwa la Chikwawa kunja, m'kati hita! Lachiwiri, kamuvi koonetsa kutentha kakangokhudza pofiira, ankaima pomwepo. Tinachedwapo maliro a malume anga chifukwa cha lamulo limeneli, ndipo ndinawanyanyala sabata yonse. Iwo ankangoti, "Nkhabe, ayi ndithu mayi, injini ikadandaula umaimvera." Akakwiya kapena akakondwa kwambiri, Chisena cha kwa amayi awo chinkatuluka chokha.

Kenaka mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, anasankhidwa kusukulu ya unamwino ku Blantyre. Anauzidwa kuti wosafika pofika masana a tsiku lolembetsa, malo ake apatsidwa wina. Unali mwezi wa Okutobala, petulo akusowa, maminibasi osaoneka. Amuna anga anakhala pamzere paboma kuyambira dzulo lake, ndipo petuloyo anampeza dzuwa litakwera kale. Tinanyamuka mochedwa, mwana ali kumbuyo ndi sutikesi pamiyendo, atavala bulauzi yoyera imene ndinasita ndi makala.

Pa Thabwa hita inatsegulidwa. Thukuta linkandiyenderera mpaka m'nsapato. Kagalimotoko kankakwera ndi giya yachiwiri, kakubuula, ine maso ali pa kamuvi. Kanadutsa pakati, kanapitirira, ndipo tisanafike ndi theka la chitunda komwe kanagona pofiira. Ndinkadziwa chotsatira: kuima, kudikira injini izizire, kuthira madzi pang'onopang'ono, mwana n'kutaya malo. Msewu wonse unali zii, popanda galimoto ina yoti n'kumukweza.

Mwanayo naye anaona. Anati, "Baba, imani. Kafa kagalimoto kanu."

Iwo sanatembenuke. Anati, "Khala bwino, mwanawe, ungadetse bulauzi."

Ndinawayang'ana ndikuyesa sanaone kamuviko. Anali atakaona. Nsagwada zili gwa, manja onse pachiwongolero, phazi osalichotsa. Fungo la chitsulo chopsa linadzaza m'kati, injini inayamba kugogoda, nthunzi inayamba kutuluka m'mbali mwa boneti. Ine amene ndinkawanyoza za malamulo awo ndinapezeka ndikuti, "Bambo, chonde, imani." Anangopukusa mutu.

Kanakwera chitunda chonsecho. Titafika pamwamba, cha ku Milare, kanatsokomola, kanatulutsa utsi woyera, n'kuzima. Pamenepo panali anyamata a njinga zamoto. Tinamkweza mwana, sutikesi pakati, ndipo asananyamuke anagwira dzanja la bambo ake ndi manja awiri, nati, "Takhuta, baba." Ndiko kuthokoza kwa Chisena, ndipo aka kanali koyamba kumumva akuwayankhula chinenero chimenechi.

Injini itazizira amuna anga anasolola kachitsulo koyezera oilo. Oiloyo anali ngati tiyi wamkaka, madzi atalowamo. Makaniko wa pomwepo anati gasiketi yapsa ndipo mutu wa injini wang'aluka. Amuna anga anangoti ankadziwa kale.

Foni inalira masana atangopitirira. Anali mwana, akuti wafika anthu akutseka chitseko, koma amulemba. Kenaka anafunsa za galimoto. Bambo ake anayankha mokweza, ngati munthu wopanda vuto, "Kangotopa, kakupuma pamthunzi. Iwe uziwerenga."

Kanatsika chitundacho kali pamsana pa lole yobwerera kuchigwa yopanda katundu, ife awiri titakhala m'kati mwa kagalimotoko, mawindo otsegula. Kunsi kunkaoneka Shire ndi minda ya nzimbe. Kagalimotoko sikanayendenso. Titatsala pang'ono kufika pamlatho wa Shire, ndinawafunsa ngati sizikuwapweteka.

"Zikundipweteka kwambiri, mayi," anatero, manja ali pachiwongolero chosawongola kanthu. "Koma akanati chitunda chilipo china, ndikanakakwezanso."